Nsapato Zopitira ku Nkhoma

Loweruka limenelo kunacha ndi nkhungu. Kamphepo ka mwera kankalowa pansi pa chitseko, ndipo udzu wa padenga unkadontha ngakhale kuti mvula sinagwe. Bambo Efulemu Mbewe ankakonda m'mawa wotere, chifukwa fodya wa m'chigafa amafewa, munthu n'kumusankha bwino osaphwanya tsamba. Koma tsikuli sanapite kuchigafa. Anakhala pakhonde ndi burashi m'manja, akupukuta nsapato.

Dorica, mwana wawo mmodzi yekhayo, anatuluka m'nyumba atavala yunifolomu ndi juzi. Anali mu Fomu 2 pasukulu yoyendera ya kufupi ndi Nathenje, ndipo tsikuli kalasi yawo inali ndi ulendo. Kumapazi anavala nsapato zake zansalu, zobooka pachala chachikulu. Ataona zimene bambo ake ankapukuta, anaima pakhomo.

Zinali nsapato za malemu amayi ake. Zinali zakuda, zachikopa, za kachidendene kakafupi ndi kalamba kodutsa pamwamba. Bambo Mbewe anagulira mkazi wawo nsapatozi pamsika wa Mitundu chaka china fodya atachita bwino. Mayiyo atamwalira, zaka zitatu zapitazo, abale ake anabwera kuchokera ku Mitundu kudzagawana katundu. Anatenga zitenje, mapoto, ngakhale lichero. Bambo Mbewe sanatsutse chilichonse. Anangokhala pamwamba pa sutikesi imene munali nsapatozo mpaka alendowo anatopa n'kutsanzika.

"Vula izo," iwo anatero, akuloza kumapazi kwa Dorica.

"Ababa, izi zili bwino."

"Ku Nkhoma sapita chala chili panja."

"Koma ndi za amayi."

"Zikukwana. Ndinayeza ndi kamtengo uli mtulo."

Dorica anayang'ana pansi. Kalata ya kusukulu inali m'Chingerezi, ndipo iye ndi amene anawawerengera. Anawauza kuti ndi ulendo wokaphunzira ku Nkhoma. Mzere wonena kuti akakwera phiri, ndiponso kuti aliyense avale nsapato zolimba, anaudumpha. Ankawadziwa bambo ake. Kwa iwo munthu amakwera phiri akafuna nkhuni kapena mbuzi yosochera. Kukwera kuti ungoona n'kutsika ankati ndi ntchito ya anthu okhuta. Akanamva zimenezo sakanadinda chala pakalatapo. Kwa iwo Nkhoma inali tchalitchi chachikulu, abusa ovala majekete, ndi chipatala chimene anagonerako masabata atatu akudwazika mkazi wawo.

Akanatha kunena zoona nthawi imeneyo. Koma anaona mmene bambo ake anagwirira nsapatozo, ndi manja onse awiri ngati mbale ya mlendo. Anakhala pansi, navula zansalu zija, n'kuvala za amayi ake. Zinamukwanadi.

Bambo Mbewe anayang'ana mapazi ake kanthawi. Kenaka anamupatsa jumbo ya mbatata zootcha.

"Usaponde matope," anatero, nalowera kuchigafa.

Pa Nathenje lole inali itafika kale. Mnzake Yamikani, mtsikana wamtali wosasowa chonena, anamuona akubwera chapatali akuyenda ngati akuponda mazira.

"Anzanga, patukani, mkwatibwi wafika," anatero Yamikani. "Dorica, tikupita kuphiri kapena kuukwati?"

"Ndisiye, iwe."

"Ukakagwa ine sindikubereka. Ndadya phala lokha."

Aphunzitsi a Jogalafe, Bambo Msampha, anayang'ana nsapatozo, nayang'ana nkhope ya Dorica, koma sanafunse. Anawerenga ana onse kawiri, lole n'kunyamuka. Anakhota pa Kamphata. Nkhungu inayamba kung'ambika, ndipo phiri linatulukira patsogolo pawo, lalitali, la mutu wa mwala wokhawokha.

Kumishoni anayamba ndi kuona nyumba zakale za njerwa zofiira, za makonde aatali ndi mazenera a matabwa. Analowa m'tchalitchi, momwe mawu a munthu amabwerera ngati wina akukuyankha. Anakumana ndi ophunzira unamwino amene anawalola kusuzumira m'makina oonera tizilombo. Yamikani ataona zimene zimasambira m'dontho limodzi la madzi a padambo analumbira kuti sadzamwanso madzi moyo wake wonse. Podutsa pachipata cha chipatala, Dorica anayang'ana kumbali.

Patsinde pa phiri anapeza Edson, bambo wa m'mudzi wapafupi amene amatsogolera alendo. Panalinso anthu ena ochokera m'tauni, ovala nsapato zamasewera, atanyamula mabotolo a madzi ndi ndodo zogula. Bambo Msampha anatulutsa kachipangizo koyezera kutentha.

"Lembani nambala iyi," anatero. "Tikafika pamwamba tiyezanso. Amene andiuze chifukwa chake zasiyana, mawa sasesa."

"Mawa ndi Lamulungu, sala," anatero Yamikani.

"N'chifukwa chake ndalonjeza."

Anayamba kukwera. Poyamba njira inali ya dothi, yodutsa m'minda yokolola kale. Kenaka inasanduka miyala. Nsapato za Dorica zinayamba kuterereka. Kawiri anagwira udzu kuti asagwe. Kachitatu phazi linalowa pakati pa miyala iwiri, ndipo atalizula anaona mzere woyera pamphuno pa nsapato yakumanja. Chikopa chinali chitakalika. Anapaka malovu, mzerewo osachoka.

Anatsalira m'mbuyo. Anavula nsapato zonse ziwiri, nakhuthulira mbatata m'matumba a juzi, n'kuika nsapatozo mujumbo. Pambali pa njira panali mwala waukulu wokhala ndi kamphako kunsi, pafupi ndi mtengo wa msuku. Anakankhira jumboyo m'kamphakomo. Anaganiza kuti adzaitenga potsika.

Wopanda nsapato anakwera ngati mbuzi. Anapitirira Yamikani, anapitirira anthu a m'tauni aja amene ankapuma pakanyumba ka alendo ka pakati pa phiri, ndipo anafika pamwamba ali wachitatu. Mphepo ya kumeneko inali yozizira ngati madzi a mumtsuko. Pansi ponse panayalika ngati mphasa. Msewu waukulu unkaoneka ngati ulusi, malole ngati nyerere.

"Lija ndi phiri la Dedza," anatero Edson. "Tembenukani. Kaphiri kayekha kaja ndi Bunda. Kuseri kwake pang'ono, pamene pakung'anima malata, ndi pa Mitundu."

Dorica anayang'ana kumeneko nthawi yaitali. Amayi ake anagona kumudzi kwawo, kufupi ndi malata amenewo. Sanadziwe kuti munthu angathe kuima pamalo amodzi n'kuona kumene amayi ake anamwalirira ndi kumene anaikidwa.

Asanamalize kudya, nkhungu inabwereranso. Inakwera kuchokera kummawa mofulumira, ndipo miyala inayamba kunyowa.

"Njira tinadzera ija yaterera tsopano," anatero Edson. "Titsikira mbali inayi. Ndi yotalika koma ndi ya dothi. Gwiranani, wina asatsale."

Dorica anafuna kukweza dzanja, koma aphunzitsi anali kalikiliki kuwerenga ana, ndipo ena aang'ono anali atayamba kuchita mantha. Anaganiza kuti mwina njira ziwirizo zikumana kutsogolo. Sizinakumane. Anatulukira kuseri kwa sukulu ina, dalaivala wa lole akuliza hutala.

Apo m'pamene anauza aphunzitsi. Bambo Msampha anaitana Edson.

"Unaziika pati, mwana wanga?" anafunsa Edson.

"Pansi pa mwala waukulu. Pafupi ndi mtengo."

Edson anakanda mutu. "Phiri lonseli ndi miyala ndi mitengo. Ndipo taona kumwambako."

Phiri silinkaonekanso. Panali nkhungu yokhayokha. Mulole Yamikani sanaseke. Anatulutsa masilipasi amene anabweretsa osinthira, namuveka mnzake.

Anafika kunyumba dzuwa likulowa. Bambo Mbewe anali pakhonde akusenda chimanga. Sanayang'ane nkhope yake. Anayang'ana kumapazi.

"Zinanyowa, Ababa," anatero Dorica msangamsanga. "Ndazisiya kwa Yamikani kuti ziume."

"Asaziyanike pamoto. Chikopa chimasweka."

M'mawa mwake Dorica anapeza burashi ndi kachitini ka polishi zili pakhonde, pafupi ndi chitseko. Lolemba zinali pomwepo. Lachiwiri nkhuku inagwetsa burashiyo, bambo ake anaitola n'kuibwezera pamalo pake. Sanafunse. Dorica akanakonda akanafunsa. Kusukulu Bambo Msampha anamuuza kuti Edson wayang'ana koma sanapeze kanthu.

Lachinayi madzulo Dorica anabwera kuchokera kusukulu n'kupeza bambo ake m'chigafa, atakhala pamphasa, akusankha fodya. Masamba ofiirira ankaika uku, owala uku, ong'ambika kumbuyo.

"Mawa ndipita pa Nathenje kukagula zingwe," iwo anatero osadzutsa mutu. "Ndidzera kwa a Yamikani."

Dorica anagwada pakhomo pa chigafa. Fungo la fodya linamuyabwa pakhosi.

"Ababa, kwa Yamikani kulibe nsapato."

Manja a bambo ake anaima pang'ono, kenaka anapitiriza. Dorica ananena zonse: za mzere wa m'kalata umene anaudumpha, za kukalika kwa chikopa, za mwala ndi msuku, za njira inayo. Atamaliza, m'chigafamo munangomveka kuwayawaya kwa masamba.

"Unakwera?" anafunsa Bambo Mbewe.

"Eya."

"Mpaka pamutu paja?"

"Eya."

"Wopanda nsapato?"

"Eya, Ababa."

Anamanga kamtolo ka masamba, nakaika pambali. "Ukanandiuza Loweruka lomwelo."

"Ndinkaopa."

"Ndinakumenyapo ine?"

"Ayi." Dorica anapukuta mphuno ndi dzanja la juzi. "Mumangokhala chete. N'zimene ndimaopa. Sindidziwa ngati mwakwiya kapena mukulira."

Bambo Mbewe anatenga tsamba lina, naliyang'ana mbali zonse ziwiri nthawi yaitali kuposa mmene tsamba limafunira. Kenaka analiika pamulu wolakwika, n'kulichotsanso.

"Pita ukatereke madzi," anatero.

Loweruka kunachanso ndi nkhungu. Dorica atatuluka anapeza njinga itapopedwa, pakaliyala atamangapo kapilo. Bambo ake anali atavala jekete ya kutchalitchi, chipewa, ndi nsapato zawo zakuda za zingwe.

Mnansi wawo, a Jeremiah, anasuzumira pampanda. "A Mbewe, fodya wafewa chonchi mukumusiya? M'mawa ngati uno subwera kawiri."

"Wabwera kawiri kale."

"Nanga jeketeyo? Kwagwanji?"

"Tikupita ku Nkhoma."

Mudzi wonse unkadziwa kuti chimwalirire mkazi wawo, a Mbewe sanapondeko. Ngakhale dzino litawavuta chaka chatha, analolera kulizula ndi ulusi.

Ananyamuka panjingapo. Pazitunda ankatsika n'kukankha, Dorica akuthandiza kumbuyo. Atafika pachipata cha chipatala, Bambo Mbewe anatsika ngakhale panalibe chitunda. Anavula chipewa, nayenda nacho m'manja mpaka mpanda unatha. Kenaka anachivalanso. Njinga anaisungitsa kwa mayi wogulitsa nthochi, ndipo anayamba kutsata njira ya kuphiri.

Dorica anali wotsimikiza kuti audziwa mwalawo. Koma atafika pamene dothi limathera, miyala yonse inafanana. Uliwonse unali ndi kamphako, ndipo misuku inali paliponse. Anagwada pa woyamba, napisa dzanja. Munalibe kanthu. Pa wachiwiri munatuluka buluzi. Bambo ake ankafufuza ndi kamtengo mbali inayo, thalauza litadzaza chisoso, nsapato zawo zikuterereka pamwala uliwonse. Dzuwa linakwera. Nkhungu inayamba kuchepa. Dorica anakhala pansi, maso atadzaza misozi.

"Zapita, Ababa. Wina anatola."

Bambo Mbewe anapita pamwala wotsatira.

Nthawi imeneyo kunatsika mayi wina wachikulire atasenza mtolo wa nkhuni, chikwanje chili m'manja. Anaima, nayang'ana bambo wa jekete atagwada akusuzumira pansi pa mwala.

"Mwaswera bwanji, achimwene? Mwatchena chonchi, mwabwera kudzalalikira anyani?"

"Taswera. Tikufuna nsapato."

"Zakuda? Za kalamba? Zili mujumbo yonunkha mbatata?"

Dorica anadzambatuka. "Mwaziona, amayi?"

"Ndinaziona Lolemba. Galu wanga ndiye anazifukula, ankayesa muli chakudya." Mayiyo anasuntha mtolo pamutu. "Inu ndinu a kuti, osadziwa mwambo? Chotayika sachifuna pansi. Wotola amachipachika m'mwamba kuti mwini wake achione akamadutsa. Mwapitirira pomwepo mitu ili pansi ngati nkhuku."

Analoza kumbuyo kwawo ndi chikwanje. Pamphanda ya msuku, pamwamba pang'ono pa mutu wa munthu, panali jumbo yomangidwa ndi luzi.

"Sindinama, ndinayesako," anatero mayiyo. "Koma phazi langa ndi khasu. Chala chokha chinadzaza nsapato yonse."

Bambo Mbewe anavula chipewa, nawomba m'manja mwaulemu. "Zikomo, mayi. Mwatichitira chachikulu."

"Muthokoze galu," anatero mayiyo, natsika ndi nkhuni zake.

Anakhala pamwala. Bambo Mbewe anamasula luzi pang'onopang'ono. Nsapato zinali zonse ziwiri. Zinali zitachita nkhungu yoyera m'mbali, ndipo pakalamba ka yakumanzere panali mabowo awiri a mano a galu. Anatulutsa kansalu m'thumba, nayamba kupukuta. Atafika pamzere wokalika uja, anausisita ndi chala chachikulu kangapo.

"Pepani, Ababa," anatero Dorica.

Iwo anapitiriza kupukuta. Kenaka anayamba kulankhula, akuyang'ana nsapatoyo.

"Amayi ako sanayendepo nazo mtunda nsapato izi. Tikamabwera kuno kumsonkhano, ankazikulunga m'chitenje n'kuzisenza pamutu. Kuchokera kwathu mpaka kuno, wapansi, wopanda nsapato. Tikafika pakamtsinje kaja tawoloka, ankatsuka mapazi, n'kuvala. Potuluka m'tchalitchi, n'kuvulanso. Ine ndinkati, Anna, nsapato amagulira minga. Iye ankati phazi likabayidwa limapola, nsapato siipola."

Dorica anali asanamvepo bambo ake akulankhula mawu ambiri chotero nthawi imodzi. Anaopa kupuma kuti angasiye.

"Ndiye iwe kuvula sunalakwe. Ndi magazi." Anatembenuza nsapato, nagogoda chidendene pamwala kuti mchenga utuluke. "Kungoti iye sankazisiya pansi pa mwala."

Pakona pa mlomo wawo panagwedera pang'ono. Dorica anaseka, misozi ikutsika.

"Kalata ikabweranso, uwerenge yonse," iwo anatero.

"Ndidzawerenga yonse."

"Ndikakhala chete, uzifunsa. Nthawi zambiri ndimakhala ndikungoganiza za fodya."

Anamupatsa nsapatozo. Dorica anavula chitenje chimene anamanga m'chiuno, nazikulunga bwinobwino, n'kuziika pamutu. Anaimirira kuti azitsika. Koma bambo ake sanaimirire. Anali atapendeketsa chipewa, akuyang'ana kumwamba, kumene mutu wa phiri unali utatuluka m'nkhungu.

"Masabata atatu ndinagona pansi pa phiri ili," anatero. "Sindinaliyang'ane n'kamodzi komwe." Anatembenukira kwa Dorica. "Kumwambako kuli chiyani?"

"Kulibe kanthu, Ababa. Mwala ndi mphepo. Koma kumaoneka kutali. Dedza, msewu waukulu, Bunda."

"Mitundu?"

"Imaoneka. Malata ake amang'anima."

"Ndi kumudzi kwa amayi ako?"

"Nyumba sizioneka. Koma mitengo ya kumanda ndikuganiza kuti ndinaiona."

Bambo Mbewe anayang'ana dzuwa, nayang'ana njira yokwera, yodzaza miyala.

"Kwatsala patali?"

"Patali ndithu. Ndipo ndi nsapato zimenezo mugwa."

"Nambewe," iwo anatero. Dzina la mfundalo ankamuitana nalo mwa kamodzikamodzi. "Tsogola."

Anawerama n'kuvula nsapato zawo za kutchalitchi, nalowetsa sokosi m'kati. Anamanga zingwe zake pamodzi, n'kuzikoloweka m'khosi. Kenaka anapinda thalauza mpaka m'maondo, nayamba kukwera pambuyo pa mwana wawo.